Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Ndidagwira ntchito ya uphunzitsi kwa zaka 38, kuyambira m'chaka cha 1983 pamene ndidatsiriza maphunziro ku sukulu ya aphunzitsi ya Lilongwe, kufikira m'chaka cha 2021 pamene ndidatula choko pansi ndi kubwerera kumudzi. Zambiri mwa zaka zimenezi ndidazithera m'sukulu za pulaimale za m'midzi ya m'boma la Mchinji. Munthu akaima kutsogolo kwa ana kwa nthawi yaitali chotere, amazolowera kuganiza kuti yankho la funso lililonse ali nalo ndi iye. Inenso ndidali wotero. Mwa zinthu zimene ndinkazikhulupirira popanda kukayika konse, chimodzi chidali chakuti munthu wosauka sayenera kupatsidwa ndalama m'manja. Ndinkati mpatseni chimanga, mpatseni mbewu, mpatseni bulangete, koma ndalama ayi, chifukwa adzaimwera mowa kapena kuimwaza pa zinthu zopanda pake. M'nkhani ino ndifuna kukufotokozerani m'mene maganizo amenewa adandithera, ndiponso chimene chidagwera banja lina ndisanawasiye.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi simudaione njala ya 2002, koma makolo anu angathe kukusimbirani. Zokolola za 2001 zidachepa chifukwa m'madera ambiri mvula idachuluka ndipo minda idalowa madzi. Kuwonjezera apo, chimanga chimene chinkasungidwa m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa. Pofika mwezi wa Januwale 2002 mtengo wa chimanga udali utakwera kangapo kuyerekeza ndi m'mene udaliri nthawi yokolola, ndipo pa 27 Febuluwale mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Bakili Muluzi, adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Kumudzi kumene ndinkaphunzitsa anthu ankadya madeya, zitsa za nthochi ndi maungu anthete. Ena ankathyola chimanga chisanakhwime n'komwe. Mbuzi imene mwini wake adaiweta zaka ziwiri inkasinthidwa ndi mbale zowerengeka za chimanga. Njinga, mawailesi, mapoto ngakhalenso malata a padenga zidayamba kutuluka m'mudzi pa mitengo yomvetsa chisoni. M'kalasi langa la Sitandade 7 ana adachepa kufikira kuti ndinkaitana maina ambiri osamva wovomera, ndipo amene ankabwerawo ankangosinza.

M'kalasi limenelo mudali mtsikana wina wanzeru kwambiri, makamaka pa masamu. Makolo ake onse awiri adali atamwalira, kotero iye pamodzi ndi abale ake anayi ankaleredwa ndi agogo awo akuchikazi, mayi wokalamba amene msana udali utayamba kale kupindika. Tsiku lina madzulo, ndikuchonga makope pakhonde, ndidamva odi. Adali agogo aja. Atakhala pamphasa ndi kupatsana nawo moni, adayamba kufotokoza chimene adadzera.

"Aphunzitsi, ndabwera ndi dandaulo," adatero akuyang'ana pansi. "Mdzukulu wanga wamwamuna uja sakupeza bwino, thupi likungotentha. Mundibwerekeko K200, ndidzabweza ndikakolola."

Ine sindidafunse kuti mwanayo wadwala masiku angati, kapena kuti ndalamayo afuna akachite nayo chiyani. Sabata imeneyo anthu angapo adali atabwera kale ndi madandaulo ofanana, ndipo ndidali nditaweruziratu mumtima kuti matenda ndi chonamizira chabe. Tsono ndidayankha monga ndinkayankhira ana m'kalasi.

"Gogo, ana onse m'mudzi muno akudwala, ndipo nthenda yake ndi imodzi, njala. Ndalama sadya. Tengani chimanga ichi mukamphikire phala, muona adzuka."

Ndidalowa m'nyumba ndi kuwatapira chimanga chodzaza beseni. Agogowo adaomba m'manja, nasenza beseni lija n'kumapita. Atangotuluka pampanda, mayi a kunyumba adandifunsa kuti, "Bambo, bwanji osangowapatsa zimene apemphazo?" Ndidawayankha kuti anthu a kumudzi sadziwa kusunga ndalama, ndipo kuti ine ndachita choposa chimene adapempha.

Masiku amenewo mawu a mphunzitsi ankalemera pamudzi. Agogowo adachita monga ndidawauzira. Adasinja chimanga, naphika phala, namwetsa mwanayo kwa masiku awiri. Tsiku lachitatu mwana uja atayamba kukomoka, adatenga chimanga chotsalacho ndi kukachigulitsa kumsewu kuti apeze ndalama ya matola. Adafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Adali malungo, ndipo magazi adali atamthera m'thupi. Mwanayo adamwalira usiku womwewo. Zonsezi ndidazimva pamaliro, ndili pakati pa amuna anzanga pansi pa mtengo, kuchokera kwa munthu amene sankadziwa kuti chimangacho chidachokera kwa ine. K200 ija idali ya ulendo wa kuchipatala. Sindinganene motsimikiza kuti mwanayo akadapita tsiku loyamba akadachira, koma ndikudziwa kuti masiku awiri amene adatayika adatayika chifukwa cha ine. Maliro atatha, mtsikana wanzeru uja sadabwerenso kusukulu. Adapita ku Lilongwe kukagwira ntchito ya m'nyumba kuti azitumiza kangachepe kwa agogo ake.

Chimene chidandisautsa kwa nthawi yaitali n'chakuti chimanga chimene ndidapereka chidali cha mtengo woposa K200. Kotero vuto langa silidali umbombo. Lidali kudzikuza. Ndidaganiza kuti ine wophunzira ndikudziwa bwino zosowa za banja lija kuposa mayi amene adagona usiku wonse pafupi ndi mwana wodwalayo. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambi umenewu ndidali nditauphunzitsa m'kalasi kambirimbiri, ndi kuwalembetsa ana tanthauzo lake m'makope, koma pa tsiku limene udafunika ndidauiwala.

Patapita zaka ndidawerenga za katswiri wa zachuma wa ku India, Amartya Sen, amene adaona njala ya ku Bengal ya 1943 ali mnyamata wamng'ono. M'buku limene adalemba m'chaka cha 1981 iye adasonyeza kuti anthu ambiri a ku Bengal adafa chakudya chilipo m'dzikomo. Chimene chidawasowa chidali mphamvu yogulira chakudyacho, pakuti mtengo wa mpunga udakwera kwambiri pamene malipiro a anthu aganyu sadakwere mofanana. Bamboyu adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1998. Nditawerenga zimenezi ndidakumbukira msika wa kwathu m'chaka cha 2002. Chimanga chidali chochepa inde, koma mavenda adali nacho ndithu, ndipo ife a pa malipiro tinkagula. Amene ankagona ndi njala ndi amene adalibe ndalama. Apa ndidayamba kuzindikira kuti nthawi zambiri njala ya kumudzi imayambira m'thumba isanafike m'nkhokwe.

Kuti timvetse bwino chifukwa chake ndalama yochepa ingathe kupulumutsa banja, tiyenera kuona m'mene umphawi umakolera munthu wa kumudzi. Banja losauka limatha chimanga chake miyezi ingapo lisanakololenso. Miyezi ya njala, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndiyonso miyezi ya ntchito yaikulu ya kumunda. Pofuna kupeza chakudya cha tsiku limenelo, mwini banja amakapalira ndi kubandira m'munda mwa wina, munda wake uli m'tchire. Pamene azibwerera ku munda wake, udzu umakhala utapha kale mbewu, motero amakolola zochepa kuposa chaka chatha. Wina amatenga ngongole ya katapila, imene pobweza imaposa kutali imene adatenga. Wina amagulitsiratu mbewu zikali m'munda pa mtengo wolira. Wina amabwereketsa munda womwewo kwa munthu wopeza bwino, n'kudzakhala waganyu pa nthaka ya makolo ake. Mwana wamkulu amasiya sukulu, mtsikana amakwatiwa msanga kuti pakhomo pachepe pakamwa. Njira iliyonse mwa zimenezi imathetsa njala ya lero pokulitsa njala ya chaka chamawa. Munthu sachita zimenezi chifukwa cha uchitsiru. Amadziwa bwino lomwe kuti akudzipweteka, koma alibe poti n'kugwira.

M'chaka cha 2006 boma, mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF, lidayamba kuyesa m'boma lathu la Mchinji ndondomeko yopereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa mabanja ovutikitsitsa. Ndondomeko imeneyi ndi imene lero timaidziwa ndi dzina loti Mtukula Pakhomo. Yofanana nayo idali itayesedwa kale m'boma la Kalomo m'dziko la Zambia. Siidali ya wosauka aliyense. Idali ya mabanja 10 mwa mabanja 100 alionse, amene pamwamba pa kusaukitsitsa alibenso munthu wamphamvu woti n'kugwira ntchito: nkhalamba zolera ana amasiye, anthu odwala nthawi yaitali, olumala, ndi ana olera ana anzawo. Mabanjawo ankasankhidwa ndi komiti ya anthu a m'mudzi momwemo. Poyamba banja la munthu mmodzi linkalandira K600 pa mwezi, la anthu awiri K1,000, la atatu K1,400, ndipo la anayi kapena kuposerapo K1,800. Pa mwana aliyense wa ku pulaimale ankawonjezerapo K200, pa wa ku sekondale K400. Palibe amene ankauza wolandirayo chimene ayenera kugula. Pofika m'chaka cha 2018 ndondomekoyi idali itafika m'maboma onse 28 a dziko lino.

Ndivomere kuti ngakhale maliro aja adandiphunzitsa kanthu, nditamva za ndondomekoyi ndidapukusabe mutu. Chizolowezi cha maganizo sichitha msanga. Koma itafika m'dera lathu, agogo aja adali mmodzi mwa olembedwa, ndipo ndidakhala ndi mwayi woona ndi maso anga chimene ndalama ingachite. Pakhomo pawo adatsala anthu anayi, iwo ndi adzukulu atatu, awiri mwa iwo a pa sukulu. Motero ankalandira K2,200 pa mwezi. Mwezi woyamba adagula chimanga, mchere ndi sopo. Wachiwiri adagula bulangete ndi nsalu ya yunifolomu. Mvula itayandikira adalemba anyamata awiri a m'mudzimo kuti awalimire mizere, ntchito imene msana wawo sukadaitha. Pambuyo pake adagula nkhuku ziwiri, ndipo chaka chisanathe adamangitsa kakhola ndi kuikamo mbuzi yaikazi. Palibe mlangizi amene adawalembera dongosolo limeneli. Lidali m'mutu mwawo kwa zaka zambiri, chimene chinkasowa ndi poyambira. Mdzukulu wawo wotsiriza, amene kale ankabwera kusukulu mwa apo ndi apo, adayamba kubwera tsiku ndi tsiku, atasamba, ali ndi kope ndi pensulo yakeyake.

Poganizira zimene ndidaona pakhomo limeneli ndi pa makomo ena, ndidapeza zifukwa zingapo zimene ndalama imathandizira kuposa m'mene ndinkaganizira. Choyamba n'chakuti zosowa za mabanja sizifanana. M'mudzi umodzi womwewo, wina denga likudontha, wina akusowa mbewu, wina mwana wake wabwezedwa kusukulu, wina afuna ulendo wa kuchipatala. Wopereka thandizo ali kutali sangadziwe zonsezi, kotero amasankha chinthu chimodzi ndi kugawira onse mofanana. N'chifukwa chake katundu wina wa chithandizo amapezeka akugulitsidwa pamsika tsiku lotsatira, ndipo ife timafulumira kunena kuti olandirawo ndi osayamika. Zoona zake n'zakuti akusandutsa chimene tawapatsa kuti chikhale chimene akusowa, ndipo posinthapo amataya gawo la mtengo wake, monga adachitira agogo aja ndi chimanga changa. Ndalama imachotsa kutaya kumeneku, pakuti imakhala chimanga kwa wanjala, mankhwala kwa wodwala ndi udzu kwa wa denga lodontha.

Chachiwiri n'chakuti ndalama yofika pa nthawi yake imateteza zimene banja lili nazo kale. Mayi amene akudziwa kuti kumapeto kwa mwezi alandira kanthu sagulitsa mbuzi yake pa mtengo wotaya, sapita kwa wakatapila, ndipo amapalira munda wake pa nthawi yoyenera. Kudziwiratu kumeneku n'kofunika pafupifupi ngati ndalama yeniyeniyo, chifukwa munthu amene sadziwa chimene adye mawa sangakonze za chaka chamawa. Ndidaonanso kuti amene kale sankakongozedwa ngakhale mchere pa golosale adayamba kukhulupiriridwa, ndipo ena adalowa m'magulu a banki mkhonde kumene amasunga pang'onopang'ono ndi kubwerekana.

Chachitatu n'chakuti ndalamayo siithera pakhomo la wolandira. K2,200 ya agogo aja inkapita kwa mwini chigayo, kwa telala wa pamsika, kwa mayi wogulitsa tomato ndi usipa, kwa anyamata olima mizere ndi kwa mlimi amene adawagulitsa mbuzi. Onsewa sadalembedwe m'kaundula wa olandira, komabe adapindula. Chimanga chochokera kutali chikagawidwa chaulere pamene msika uli ndi chimanga, mlimi wa pomwepo amasowa womgula. Ndalama ikagawidwa, mlimi yemweyo amapeza msika. Tiwonjezerepo kuti matumba amafuna magalimoto, mafuta, nyumba zosungiramo, alonda ndi mankhwala ophera anankafumbwe, ndipo zonsezi zimadya gawo la thandizo lisanafike kwa mwini wake. Masiku ano, pamene ndalama ikutha kutumizidwa pa lamya ya m'manja kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, mtengo wofikitsa thandizo kwa munthu umatsika kwambiri.

Chachinayi, chimene sichiwerengeka ndi manambala, ndi ulemu. Munthu amene amangopempha amasiya kuwerengedwa pamudzi. Pamaliro alibe chopereka, kutchalitchi amabisala kumbuyo chifukwa cha zovala, pabwalo sayankhula. Tsiku lina ndidaona agogo aja akupereka mbale ya ufa pa maliro a m'mudzi woyandikana nawo, mayi wolemba zopereka n'kutchula dzina lawo pamodzi ndi maina a ena onse. Ufawo udali wochepa, koma iwo adabwerera kwawo akuyenda ngati munthu pakati pa anthu anzake.

Nanga za mowa zija? Sindikana kuti alipo ena amene amamwera ndalama ya chithandizo. Ndikudziwa bambo wina amene tsiku lolandira ankagona kumowa, mpaka komiti idasintha kuti azilandira ndi mkazi wake. Koma ndikudziwanso aphunzitsi anzanga amene malipiro a mwezi wonse ankathera m'mabotolo pasanathe sabata, ndipo sindidamvepo munthu akunena kuti aphunzitsi onse azilipidwa chimanga. Chifukwa chiyani cholakwa cha wosauka mmodzi chimakhala mlandu wa osauka onse? M'chaka cha 2014 akatswiri awiri a ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, David Evans ndi Anna Popova, adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 19 wochitika m'maiko a mu Africa, Asia ndi Latin America. Adapeza kuti mabanja olandira ndalama zotere sawonjezera kugula mowa ndi fodya, ndipo m'malo ambiri amachepetsa kumene.

Ena amati ndalama zaulere zimabala ulesi. Funso ndi lakuti, kodi ndani angasiye khasu chifukwa cha ndalama yosakwana ngakhale chakudya cha mwezi wathunthu? Kafukufuku amene adachitika pa Mtukula Pakhomo m'maboma a Salima ndi Mangochi pakati pa 2013 ndi 2015 adasonyeza kuti mabanja olandira adayamba kudya kangapo pa tsiku, adachulukitsa ziweto, ndipo ana awo ambiri adalowa sukulu. Ntchito imene idachepa ndi ganyu wa m'minda ya eni, pamene ntchito ya m'minda yawo idakula. Munthu woyang'ana patali angati anthuwa asiya kugwira ntchito poona kuti sakubweranso kudzapempha ganyu kwa iye. Koma akadapita kuseri kwa nyumba zawo akadawapeza ali ndi khasu m'manja.

Komabe ndingalakwe kachiwiri ngati nditakusiyani ndi maganizo akuti ndalama ndi mankhwala a nthenda iliyonse. Ndalama imathandiza pamene pali msika ndipo pamsikapo pali katundu. Namondwe wa Freddy atagwa m'chigawo cha kumwera m'mwezi wa Malichi 2023, milatho idakokoloka ndipo midzi ina ya ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje idadukidwa kwa masiku ambiri. Munthu wokhala pa msasa wozingidwa ndi madzi sangadye ndalama. Pa masiku oyamba otere chofunika ndi ufa, madzi abwino, mankhwala ndi pogona. Ndalama imabwera pambuyo, misewu ikatseguka, kuti banja limangenso nyumba ndi kugula mbewu. Chimodzimodzinso ngati chimanga chasoweratu m'dera lonse, kugawa ndalama kokha kungangokweza mtengo. Wanzeru amayamba waona m'mene msika uliri asanasankhe njira yothandizira.

Vuto lina ndi kukwera kwa mitengo. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu m'mwezi wa Meyi 2022, ndipo m'mwezi wa Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Zikatere thumba la chimanga limakhalabe thumba, koma ndalama imene dzulo inkagula ndowa lero imagula theka. Ngati chiwerengero cha ndalama yoperekedwa sichisintha, thandizolo limafota mwakachetechete. Njira yothana ndi vutoli idayesedwapo m'dziko mwathu momwe muno. M'boma la Dowa, pa miyezi ya njala ya kumapeto kwa 2006 ndi kumayambiriro kwa 2007, bungwe la Concern Worldwide linkapereka ndalama zimene zinkasintha mwezi ndi mwezi potsata mtengo wa chimanga pamsika ndi kukula kwa banja. Nzeru imeneyi ndi yofunika kuikumbukira.

Palinso vuto la kusankha olandira. Pamudzi pamene pafupifupi aliyense ndi wosauka, kusankha mabanja 10 mwa 100 kumasiya kunja ambiri amene kusiyana kwawo ndi osankhidwawo n'kochepa kwambiri. Apa pamabuka nsanje ndi manong'onong'o, ndipo nthawi zina madandaulo amakhala oona, pamene wina walembetsa mbale wake kapena akufuna gawo kwa nkhalamba imene adailemba. Ndalama ikachedwa miyezi ingapo, phindu la kudziwiratu lija limatha, wolandira n'kubwerera kwa wakatapila. Tikumbukirenso zimene zidapezeka ku Zomba, kumene m'zaka za 2008 ndi 2009 atsikana ndi makolo awo ankapatsidwa ndalama mwezi ndi mwezi. Pa nthawi imene ndalamazo zinkaperekedwa, atsikana osiya sukulu adachepa, ndipo pagulu lina maukwati ndi mimba za msanga zidachepanso. Koma ofufuza atabwerera patapita zaka ziwiri ndalamazo zitasiya, adapeza kuti zambiri mwa zabwinozo zidali zitazirala. Ndalama simanga chipatala, siphunzitsa mwana kuwerenga, ndipo siibweretsa mvula. Agogo aja akadakhala ndi K200 koma kuchipatala kulibe mankhwala, ulendo wawo ukadakhala wachabe. Thandizo la ndalama liyenera kuyendera pamodzi ndi sukulu zabwino, zipatala, misewu, ulimi wothirira ndi ntchito za achinyamata.

Tsiku lina m'chaka cha 2008 ndidamvanso odi pakhonde lomwe lija. Adali agogo aja, atanyamula nkhuku kukhwapa.

"Aphunzitsi," adatero, "chimanga chija cha nthawi ya njala sindidathokoze bwino. Landirani kankhuku aka."

Ndidasowa poyang'ana. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndidali ndikuwapewa panjira, ndipo lero iwo ndiwo adabwera kudzathokoza. Ndidawauza zonse zimene zidali mumtima mwanga, kuti ndidawalakwira posawapatsa chimene adapempha, ndipo ndidapempha kuti andikhululukire. Adakhala chete kwa kanthawi, kenaka adati, "Mudandipatsa chimene inu mudaona kuti n'chabwino, ndipo ana enawo adadya. Kungoti simudandifunse, mwana wanga. Nanenso ndidaopa kukutsutsani, poti ndinu ophunzira." Nkhukuyo ndidailandira, chifukwa kuikana kukadakhala kuwanyozanso kachiwiri.

Agogowo adamwalira m'chaka cha 2014, atasiyira adzukulu awo mbuzi zisanu ndi nyumba yosadontha. Mdzukulu wotsiriza uja adafika Fomu 4, ndipo lero ali ndi makina ake osokera pa msika wa kwathu. Mkulu wake, amene ankaposa ana onse pa masamu, sadabwererenso m'kalasi. Ndikawaona awiriwa ndimaona kusiyana kumene ndalama yochepa, yofika pa nthawi yake, ingathe kubweretsa pakati pa ana a mimba imodzi.

Inu ophunzira, ena mwa inu mudzakhala alangizi, anamwino, akuluakulu a m'maofesi a boma ndi a m'mabungwe, ndipo mudzapatsidwa mphamvu yogamula m'mene osauka athandizidwire. Ena mukuchokera m'mabanja amene akulandira thandizo lotere, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Tsiku lina munthu adzakhala pamphasa patsogolo panu ndi dandaulo lake. Maphunziro anu adzakunong'onezani kuti yankho mukulidziwa kale. Musanatsegule pakamwa, yambani mwamufunsa chimene akusowa, ndipo mumvetsere kufikira atatsiriza. Ine funso limeneli sindidalifunse, ndipo manda a mwana uja ndimawadutsa nthawi iliyonse ndikamapita kumsika.